Phanga Lachisanu la a Ng'ambi

Ku Chisenga aliyense ankawadziwa a Lucius Ng'ambi chifukwa cha fungo. Akalowa m'tchalitchi, anthu a pa benchi yawo ankayamba kusendera mmodzimmodzi. Linali fungo la ndowe za mileme, zimene ankakazitapa m'mapanga a m'mapiri a Mafinga n'kumathira m'munda mwawo. Anthu ankawaseka, koma nyemba zikacha, osekawo ndi amene ankayamba kufika kudzapempha mbewu.

Ine ndinafika kumeneko mu 1975, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, wodziwa Chitumbuka cha “monire” ndi “yewo” basi. Munda wawo unali kuseri kwa nyumba yanga, ndiye tinazolowerana. Tsiku lina anandionetsa kope lawo lakuda ndi thukuta. Sukulu analekezera Sitandade 3, koma m'kopemo anajambula phiri, njira zake ndi mapanga asanu, lililonse ndi manambala pambali.

Pazaka makumi awiri akutapa ndowe, anaona chinthu chimene ife ophunzira sitinkachidziwa. M'phanga la m'munsi, pafupi ndi mtsinje, munali mitundu isanu ndi iwiri ya mileme: ina yankhope ngati galu yodya nkhuyu ndi masuku, ina yamakutu aatali, ina yamphuno yopindika. Ukakwera, mitengo ya zipatso imachepa, kumazizira, tizilombo touluka timasowa, ndipo mitundu ya mileme imachepanso. Phanga lachiwiri linali ndi mitundu isanu, lachitatu itatu, lachinayi iwiri. Lachisanu, la pamwamba penipeni, linali ndi mtundu umodzi wokha, timileme taubweya wambiri tosaposa chala chachikulu, timene sanationepo kwina kulikonse.

“Asambizgi, phiri lili ngati sukulu yanu,” anandiuza, akusakaniza Chichewa ndi Chitumbuka monga ankachitira. “Sitandade 1 ana mbwee. Sitandade 8 atsala angati?”

Cholakwa chawo chinali chimodzi. M'kope monsemo sanalembemo mawu akuti mileme. Akanalemberanji? Kope linali lawo, ndipo zimene ankawerenga ankazidziwa okha.

Mu Novembala 1976 anyamata a chipani anatseka njira ya kumsika, kufuna makadi. A Ng'ambi khadi anali nalo, ankalisunga m'kope lomwelo. Potulutsa, mnyamata wina anaona mapu. Mapu, phiri la m'malire ndi Zambia, masiku amene aliyense wokhala ndi ndevu ankatchedwa chigawenga! Pofika masana, a Ng'ambi anali atakhala pansi pabwalo la sukulu, nsapato atawavula. Wapampando wa chipani m'deralo, a Pius, munthu amene kuwerenga kunkamupweteka mutu, anatuma anthu kudzanditenga m'kalasi.

Ndinawerenga mokweza, monga ndinkaphunzitsira ana. “Phanga loyamba, akuluakulu makumi anayi, masana amagona. Phanga lachitatu, achuluka chaka chino, ena achokera mbali ya Zambia.”

A Ng'ambi anaseka pang'ono. “Ndi mileme iyo, adada. Afunseni asambizgi, ndinawaonetsa.”

A Pius anandiyang'ana. “Aphunzitsi, mungalumbire kuti ndi mileme?”

Ndinkadziwa. Ndinali nditakhala nawo pakhonde akundijambulira makutu a mleme pa dothi. Koma ndinaganiza za mkazi wanga ndi mwana wathu wa miyezi itatu, ndipo ndinayankha kuti, “Ine kuphiriko sindinapiteko, bwana. Sindingadziwe.” Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna kudzilavulira.

Anagamula kuti m'mawa mwake a Ng'ambi atsogolere gulu kuphiri, aonetse mapanga onse asanu. Akapezeka opanda anthu, abwerera kwawo. Likasowa ngakhale limodzi, akwera galimoto ya ku boma. Ine anandiuza kuti ndipite nawo, ndizinyamula kope.

Tinanyamuka kutacha, a Pius, anyamata asanu ndi mmodzi onyamula zibonga, a Ng'ambi ndi ine. Pa phanga loyamba a Ng'ambi anati, “Lowani muone.” Ndani alowe? Amuna onse aja, olimba mtima polanda nkhuku za amayi opanda makadi, anaima patali ngati aona njoka. A Pius analamula kuti aunjike udzu ndi masamba aawisi pakhomo, ayatse, zigawenga zituluke zokha.

“Yayi, adada, mwezi uno ili ndi ana!” anakuwa a Ng'ambi. Mnyamata wina anawamenya mbama.

Utsi utalowa, mileme inatuluka dzuwa likuswa mtengo, ikuwombana, ikugwera pamoto. Ina inagwa pamapazi pathu, tiana titakakamira pachifuwa. Anyamata ankaiponda uku akuseka. Chigawenga sichinatuluke ngakhale chimodzi. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo, koma a Pius anati ndiye kuti athawira kumtunda. Anawotcha lachiwiri, anawotcha lachitatu. Pa lachinayi a Ng'ambi ankangotola mileme yakufa n'kumaiika pamwala, mtundu uwu apa, mtundu uwo apo.

Tinafika pamene mitengo imathera, pali udzu waufupi ndi mphepo yolasa m'mafupa. A Pius anali wefuwefu.

“Latsala limodzi. Lili kuti?”

A Ng'ambi anakhala pansi. “Ndaiwala.”

“A Ng'ambi, musachite zibwana. Mutionetse, tiwotche, madzulo ano mukadyera kwanu.”

“Kumusi kuja ina yathawa, idzabwerera, mitundu yake ili ponseponse. Iyi ya pachanya, ya pamwamba pano, ilibe kwina. Mukawotcha, yamala, yatheratu. Ndaiwala, adada.”

A Pius anandilanda kope, koma mapu a a Ng'ambi pamwambapo anali kadontho chabe pakati pa miyala mazanamazana yofanana. A Ng'ambi anawamenya pomwepo, ine ndikuyang'ana nsapato zanga. Anyamata anafufuza mpaka dzuwa kupendeka, osapeza kanthu. A Pius anatsika phiri ali wosangalala, akuti umboni wapezeka, munthu wakana kuulula pobisala anzake.

A Ng'ambi anawatsekera zaka zinayi popanda kuwazenga mlandu. Akazi awo, a Dinah, analima okha munda uja, ndipo anthu omwe ankapempha mbewu aja ankawalambalala panjira. Nanenso ndinkawalambalala, ndisaname. A Pius anakwezedwa udindo. Anthu ena masiku ano amati zinthu zinali ndi mwambo nthawi imeneyo. Akamatero ndimatuluka m'nyumba, chifukwa ndikhoza kumenya munthu.

A Ng'ambi anabwerera mu 1980, miyendo itatupa, akuyendera ndodo ziwiri. Kuchoka pakhonde kufika kumunda ankapuma kawiri. Zokwera phiri zinali zitatha. Ndinadikira mwezi wathunthu, kenako ndinagula paketi ya shuga n'kupita. Anandilandira bwino, a Dinah anandipatsa mpando. Tinakamba za mvula. Maso a a Ng'ambi ankangothawira kuphiri, ndipo ndinaona kuti chikuwadya n'chiyani, sankadziwa ngati timileme tawo tidakalipo.

Ndinati, “A Ng'ambi, miyendo ine ndili nayo. Ndiuzeni njira ya phanga lija, ndikakuonereni, ndidzakuuzeni.”

Anasisita bondo. Ndinaona kuti akufuna, akufunitsitsa. Kenako anapukusa mutu.

“Yewo chomene, asambizgi. Koma imwe akakufunsani, mumayankha.”

Anamwalira patapita zaka zisanu ndi chimodzi, asanauze munthu aliyense, ndiponso asanadziwe.