Msewu wa Mkamwini

Pa nkhani yonenerera malonda, kuyambira ku Zingalume mpaka ku boma la Chadiza, panalibe wondigonjetsa ine Lufeyo Phiri. Ndinagulitsapo tambala wa diso limodzi, wogulayo n'kundithokoza kawiri. Ndiye nditatopa ndi chikamwini, kulima munda wa apongozi ngati ng'ombe yobwereka, ndinauza mkazi wanga Nabanda kuti ndikupita ku Halale, ndipo pobwera ndidzamutenga chitengwa akakhale kwathu.

"Atsibweni anga a Gelesomu mukuwadziwa bwino?" anandifunsa. Iwowo ndiwo anali eni mbumba, ololeza kapena okaniza.

"Akulu aja? Ndidzawagula ndi chipewa."

Ku Halale ndinalembedwa ntchito kwa azungu ofufuza za misewu. Misewu yambiri kumeneko inali mizere iwiri ya phula, pakati fumbi, ndipo iwo ankafuna kudziwa dothi lomwe lingapirire malole. Anagawa msewu umodzi m'zigawo: apa dothi losakaniza ndi laimu, apo ndi simenti, patsogolo timiyala tokhatokha. Kenaka n'kudikira mvula kuti aone chigawo choyamba kukumbika. Zinandikoma zedi. Ife antchito tinkachita kubetcherana ngati pa mpira.

Ntchito yanga inali kusefa dothi, kulinyowetsa, kulipota m'manja ngati chingwe kuti tione ngati lithyoke, ndi kulisinja m'kamtondo kachitsulo. Munthu wina wa ku Pembamoyo, kufupi ndi kwa apongozi, akubwerera kumudzi ndinamupatsira nsalu ndi ndalama ya msonkho, n'kumuuza kuti, "Mukanene kuti ndine woyeza misewu." Yankho la Nabanda linandipeza patapita miyezi: "Tamva kuti mumasinja. Mukabwera, mtondo ulipo." Ndinaseka ndekhandekha m'komboni. Lamulungu lililonse ndinkachapa malaya oyera kale, pofuna kuti dzuwa lipite.

Ndinabwerera m'dzinja ndi njinga ndi chipewa cha nthenga. Pa dambo lolowera m'mudzi ndinapeza ngolo itatitimira mpaka m'mimba, anthu akutsitsa matumba kumutu. Njinga yanga yatsopano ndinaoloka nayo paphewa.

A Gelesomu chipewa analandira ndi manja awiri, n'kuvala. Za chitengwa osatchula.

"Kodi aPhiri, kumeneko mwaphunzirako chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa ngati nkhokwe yobooka. Iwo ankangogwedeza mutu.

"Chabwino. Tikonzereni padambopo, ngolo idutse mvula ili mkati. Ikadutsa, Nabanda mutengeni."

Ndinanenerera mpaka anavomera kuti anyamata, ng'ombe ndi mowa zichokere kwa iwo. Pochoka pamenepo ndinkayenda ngati ndagula ng'ombe pa mtengo wa mbuzi.

Chilimwe chonse tinali padambo. Ndinayesa dothi la malo osiyanasiyana m'manja mwangamu, mpaka ndinapeza kuti la pachulu likasakanizidwa ndi timiyala ta kuphiri limagwirana osaterera. Pansi tinayala miyala ikuluikulu, tinasiya mpata wodutsa madzi, m'mbali tinakumba ngalande, pakati tinakweza ngati msana wa fulu. Chosindikizira panalibe, ndiye azimayi anabwera ndi misi yawo.

"Alamu, tionetseni kasinjidwe ka ku Halale," anatero mng'ono wake wa Nabanda. Ndinawaonetsa. Anaimba nyimbo yondinyoza, msewu n'kumalimba.

Mvula inagwa yamphamvu, dambo linadzaza, ndipo ngolo yodzaza matumba inadutsa ng'ombe zisanamve n'chikwapu chomwe. Ndinavina m'matope ndi nsapato za ku Halale. Pa mowa wa tsikulo lilime linandiyabwa.

"Msewu suli ngati mphika woti ukaumba watha," ndinatero. "Ndinaziona ndi maso anga. Ukausiya dzinja limodzi, ngalande zimatsekeka, madzi n'kuudya kunsi. Umafuna munthu woudziwa."

A Gelesomu anakonza chipewa changa chija pamutu pawo.

"Mwanena zoona, akamwini. Koma pangano ndi pangano, mkazi wanu mutengeni mawa. Msewuwo ukakokoloka palibe mlandu. Anthu odutsa azidzangoti, apa ndi paja panali msewu wa Lufeyo."

Kutacha Nabanda anali atamanga kale mitolo.

"Tiyenitu, aPhiri. Kwanu kwatalika."

"Taima kaye. Ndikaone ngalande ya kumunsi ija."

Ndinaipeza itayamba kudzaza mchenga. Ndinati tidikire dzinja lithe. Litatha panafunika kuthira timiyala tina, ndipo mitolo ija Nabanda anamasula mwakachetechete, akumwetulira kumbali. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti pomwe ine ndinkapota dothi la eni ku Halale, kuno anthu anali atandipota kale m'manja n'kudziwa pamene ndimathyokera.

Lero chilolezo chotenga mkazi ndili nacho, palibe anandilanda. Msewu ukutchedwa dzina langa mpaka ku boma. Ndikali mkamwini, khasu paphewa m'ngalande, ndipo a Gelesomu akamadutsa pangolo amandivulira chipewa mwaulemu. Inu amene mumadziwa malonda, tandiuzani: anapambana ndani?