Mlendo wa m'Khutu ndi Chitini cha Mayi Theka

Mayi Theka ndi telala, koma dzinali silinachokere ku nsalu. Makina awo osokera ali pakhonde la sitolo yogulitsa utoto, ndipo pansi pa makinawo pamakhala chitini cha mabisiketi. Mabisiketi anatha kalekale. M'chitinimo muli mabatani, mabobini a ulusi ndi makapisozi a mitundu yonse: ofiira ndi achikasu, oyera, obiriwira, ena ofufuma ngati nyemba zonyowa. Lamulo la mayiwa ndi limodzi: mankhwala samaliza. Ukangoyamba kupezako bwino, theka lotsalalo usunge, pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno. Motero chitinicho chasunga mbiri ya banja lonse, kuyambira chifuwa cha malemu amuna awo mpaka dzino la mnzawo wa m'kwaya.

Mayi Theka amawaika madokotala m'magulu atatu. Wobaya jakisoni ndiye dokotala weniweni. Wopereka makapisozi anayesetsako kusukulu. Koma wongonena kuti "kapumeni, muzimwa madzi ambiri," ameneyo ankakhala kumbuyo m'kalasi.

Mlongo wawo wamng'ono amayendetsa thiraki ndipo sakhalitsa pakhomo. Tsiku lina ponyamuka anati, "Achemwali, muziwasuzumirako awa." Ankanena mkazi wake ndi kamtsikana kawo kamene kangoyamba kumene sukulu ya mkaka. Mayi Theka anamva ngati awalumbiritsa kukhala nduna ya zaumoyo.

Ndiye mmawa wina mlamu wawoyo anatulukira pakhondepo atabereka mwana. Kamtsikanako kanali kakudwala chimfine, ndipo tsopano kankagwira khutu lamanzere n'kumalira monyinyirika. Mayi Theka anapinda msana kufuna chitini.

"Alamu, tiyambe tapita kuchipatala," anatero make mwana mofulumira. "Akaone kaye."

"Akaone chiyani, ine ndaona kale?"

Mayi Theka anapita nawobe, kuti akaone kuti dokotalayo ndi wa gulu liti.

Anali mtsikana wovala magalasi, zomwe zinamuchotseratu mamalikisi asanayankhule. Anamuika mwana kapimiro ka kutentha m'khwapa, kenako analowetsa kachipangizo kowala m'khutu, natsinzina diso limodzi.

"Mwinikhutu wafiira pang'ono, koma sanatukumuke," anatero.

"Mwini khutu ndi mwanayu," anayankha Mayi Theka, "ndipo ife sitifiira."

"Ndikunena kachikopa ka m'katimu, mayi, konga ka ng'oma. Kuseri kwake kuli kachipinda, ndipo chimfine chikakula, kachilombo kamatha kufika kumeneko."

Mayi Theka anamenya m'manja kamodzi. Kachilombo! Ankadziwa! Nyumba ya mlamu wawo ili ndi mphemvu zimene zimapatsa alendo moni.

"Kali ndi miyendo ingati?"

"Ayi, si kachilombo koyenda. Sikaoneka ndi maso. Tizilombo tochita zimenezi tilipo mitundu iwiri. Pali mabakiteriya, amene amafa ndi makapisozi aja timati maantibayotiki. Palinso mavairasi, onga a chimfine. Amenewo makapisozi sawamva n'komwe. Thupi limawapirikitsa lokha."

"Ndiye mwadziwa bwanji kuti uyu ndi uti, poti simunamuone?"

"Kunena zoona, sitingalumbire. Timayang'ana mapazi ake. Akakhala mabakiteriya, nthawi zambiri mwinikhutu amatukumuka chifukwa cha mafinya, thupi limatentha kwambiri, ululu umakula, mwina mafinyawo n'kutuluka. Apa zonsezo palibe. Mwana si wakhanda, khutu ndi limodzi, ndipo akukulandani kale mpango wanuwo. Mupatseni panado. Kukapanda kusintha pofika mkuja, kapena mukaona mafinya, kutentha kwambiri, ngakhale kutupa kuseri kwa khutu, mubwere msanga. Pamenepo ndidzapereka makapisozi, ndipo adzamwe onse mpaka kutha. M'khutumo musathiremo kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mayi Theka anatuluka atalimba khosi. Kachilombo kochoka kokha? Iwo anakulira m'nyumba za lendi, ndipo nsikidzi yotsanzika yokha sanaionepo. Mwini nyumba ali m'katimo wafiira ndi ukali, mlendo wakhazikika kuseri kwa chitseko, ndiye adokotala akuti tidikire achite manyazi!

Masana anafika kwa mlamu wawo ndi chitini m'khwapa. Anachiika patebulo pakati pa mbale zosatsuka ndi wailesi, nayamba kusankha.

"Aka kanachiza amuna anga."

"Alamu, amuna anu aja anamwalira."

"Ndi zina zimenezo."

Make mwana anaima pakhomo la kuchipinda ngati chitseko chachiwiri. Kukana mlamu wamkulu ndi mlandu umene umafika kwa mwamuna wako pafoni usanamalize kuyankhula. Koma kapisoziko kanali ka munthu wamkulu, kakale kuposa mwanayo, ndipo nthawi ina m'mbuyomu kena ka m'chitini chomwecho kanamutsegula m'mimba mwanayo mpaka maso kulowa.

"Chabwino, makapisozi mwakana," anatero Mayi Theka. "Bweretsani mafuta ophikira. Tikamize."

"Adokotala anati tisathiremo kanthu."

"Adokotala, adokotala! Anabereka ndi iwo? Mwana wa mlongo wanga agonthe ine ndikuonerera, manja ali m'chiuno?"

Pamenepo make mwana anaona chimene chinalipo: alamu ake sakanatha kungokhala. Munthu amene wazolowera kupalasa makina tsiku lonse, ukamuuza kuti adikire, wamutukwana.

"Komatu alamu," anatero mofatsa, ngati woganiza, "paja ngumbi zimatsata chiyani?"

Mayi Theka anayang'ana kuchipinda kumene kunali mwana. Kenako nkhope inawala.

"Nyale! Tochi muli nayo?"

Anatseka makatani dzuwa likuswa mtengo. Mwana atamwa panado anagona chammbali, khutu lodwala lili kumwamba, ndipo azakhali ake anakhala pampando m'mbali mwa bedi, tochi ili m'manja, kuunika pakhomo la khutu ngati wapolisi wodikira mbala.

"Tuluka, mlendo iwe," ankanong'ona. "Mwinikhutu sakukufuna."

Anachita zimenezo tsikulo, nabweranso mawa lake, kusiya diresi la mkwatibwi lili ndi mkono umodzi. Make mwana ankawaphikira tiyi, n'kumagwira mwana pamphumi, n'kumasuzumira ngati pilo wadetsedwa ndi mafinya. Sanadetsedwe. Chitini chija make mwana anachikweza pamwamba pa kabati, "kuti mwana angameze mabatani."

Tsiku lobwerera kuchipatala litafika, kamtsikanako kanali kakuthamangitsa nkhuku za aneba, kakumva ngakhale phokoso la pepala la switi kuchipinda china. Ndipo poyalula bedi Mayi Theka anakuwa. Pa pilo panali nyerere yakufa, miyendo ili m'mwamba.

"Ameneyu! Vairasi uja ndi ameneyu! Ati saoneka ndi maso. Saoneka kwa ovala magalasi!"

Anaikulunga m'kachidutswa ka nsalu naiika m'chitini, pakati pa mabatani. Make mwana sanatsutse. Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko, ndipo chitseko chimene iye ankafuna chinali chitatsegulidwa kale: mwana anali atachira popanda kapisozi.

Mbiri inayenda ndi makasitomala. Pasanapite nthawi, mkazi wa wogulitsa utoto anabwera pakhondepo ndi mwana wake, tochi ili kale m'manja. Make kamtsikana aja analinso pomwepo, kudzapinditsa siketi. Mayi Theka anamukhudza mwanayo patsaya: moto. Anapendeketsa kamutu, naona mafinya atauma m'mphepete mwa khutu. Anagwedeza mutu monga katswiri.

"Zimitsani tochiyo, mayi. Uyu ndi wa mtundu winawo, bakiteriya. Samva kuwala, ndi wouma mutu. Thamangani kwa mtsikana wa magalasi uja, akakupatsani makapisozi enieni. Ndipo mwana akangopezako bwino, theka lotsala..."

"Amwe onse mpaka kutha," anatero make kamtsikana, osakweza maso pa siketi. "Munawamva nokha adokotala, alamu."

Mayi Theka anayang'ana chitini chawo monga mlimi woyang'ana nkhokwe chaka cha chilala.

"Amwe onse," anabwereza monyinyirika, nayamba kupalasa makina. "Dziko latha. Anthu kumaliza mankhwala ngati mawa kulibe."