Msuzi Wanga Wathera ku Nkhumba

Mwaswera bwanji nonse. Ine ndapsa mtima.

Apongozi abwera lero kuchokera ku Nzama, ndiye ndinati ndiwakonzere nkhuku ya msuzi wa kale, ufa wachikasu wokometsera ndiwo uja. Ndinakazinga anyezi, kuthira kaleyo ndi mkaka, mpaka msuzi unagwirana bwinobwino. Kunangotsala kuikamo nkhuku.

Alamu anga a Esinati anavundukula poto n'kufunsa, "Nanga ichi n'chiyani?" Ndinati, "Msuzi wa kale," n'kupita kukatsuka mpunga.

Pobwera, poto ali mbee. Akuti anamva kuti ndi wakale, wogona, ndiye akhuthulira nkhumba kuopa kuti amayi awo angatsegule m'mimba.

Apongozi adya mpunga ndi nkhuku youma. Nkhumbazo mpaka pano milomo ili yachikasu.

Tandiuzani abale, msuzi wogona umatuluka nthunzi?