Tsiku Limene Alamu Anga Anamata Chiuno cha a Madamu

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, anagwira ntchito ya umesenjala zaka makumi atatu ndi chimodzi mu ofesi ina ya nsanjika zinayi. Ntchito yawo inali kunyamula mafayilo kuchokera pansi kupita nawo pamwamba, kenako kuwatenga pamwambapo kubwera nawo pansi. Anthu anawapatsa dzina loti a Fayilo, ndipo iwo sanakwiye nalo, analilandira ngati akwezedwa pantchito. Mpaka lero akamayenda, mkono wamanzere umakhala wopanikiza kukhwapa ngati muli kanthu. Mukawatuma buledi amamupana momwemo, n'kufika naye kunyumba ataphwatalala ngati envelopu.

Zaka zonsezo anaphunzirako chinthu chimodzi chokha, koma anachiphunzira mpaka m'mafupa.

"Mlamu," amatero kwa ine, "pepala limalemekezedwa chifukwa cha chikuto. Ndaona ndi maso angawa. Kalata yobwera yokha, yamaliseche, bwana amaikapo kapu ya tiyi. Koma kalata yomweyo uyiike m'chikuto cholimba, bwana amayamba wakonza tayi asanatsegule."

Ine ndimasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, titagwirizana ndi aphunzitsi kuti tisamavutitsanenso. Ndiye nkhani za mapepala sinditsutsa, ndimangoti, "Zoona alamu," n'kumakhoma chidendene changa.

Atapuma pantchito, nyumba inawachepera. Sabata yoyamba anamata mapepala pa zitini zonse za kukhitchini. Pa chitini cha shuga analembapo SHUGA, ngati kuti zaka zonsezi banja linkathira mchere mu tiyi. Sabata yachiwiri masupuni anapatsidwa manambala. Achemwali anandidandaulira kuti, "Munthu uyu ndikadzangogona masana, ndidzadzuka ndi pepala pamphumi."

Achemwaliwo ndi telala. Makina awo ali m'kachipinda ka kumaso, pafupi ndi windo, ndipo pambali pa makinawo pamakhala kope la miyeso ya makasitomala. Linali kope wamba la ana asukulu, la chikuto chofewa, ndipo linali litakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi. Chikuto cha kutsogolo chinathothoka kalekale, cha kumbuyo chinkalendewera ndi selotepi. Linamwapo tiyi, linamwapo mafuta a makina, mphaka anagonapo. Koma kasitomala aliyense anali ndi tsamba lake mmenemo: chifuwa, chiuno, phewa, mkono, kutalika.

Tsamba loyamba linali la a Madamu, eni golosale yaikulu ya pamphambano. Amenewa ndiwo mzati wa bizinesi ya achemwali. Akavala diresi n'kuwakhala, anzawo onse amabwera m'mbuyo mwawo ngati anapiye. Atati achoke, anapiyewo angachoke nawo tsiku lomwelo.

Vuto la a Madamu ndi limodzi: anayezedwa kamodzi kokha, tsiku limene kopelo linagulidwa. Chiuno chinali mainchesi 32. Kuyambira pamenepo tepi safuna kuiona. "Muyeso wanga muli nawo kale, mayi telala. Ine sindisintha." Pamene golosale ikukula, eni ake akukulira nayo limodzi.

Ndiye achemwali anapeza nzeru. A Madamu akabwera kudzayesa chovala, iwo amaona pamene pakukoka, n'kudikira kuti atuluke, kenako amalemba kamzere ka pensulo pambali pa nambala yakale. Kamzere kamodzi, theka la inchi. Pachifuwa timizere take, pachiuno take, pamkono take. Munthu wosadziwa akanati mwana ankaseweretsa pensulo, koma pamenepo ndi pamene panali a Madamu enieni.

Lolemba lina a Madamu anabweretsa nsalu yonyezimira yomwe mwana wawo anawatumizira kuchokera kutali, yongokwanira diresi imodzi, yopanda yotsala ngakhale ya mthumba. Loweruka ankatsegula golosale yachiwiri ndipo ankafuna kudula riboni atavala imeneyo. Achemwali anakonza zodula nsaluyo Lachitatu madzulo. M'mawa wa Lachitatu lomwelo anapita m'tauni kukagula zipi ndi nsalu ya mkati, kope n'kulisiya pamakina.

Cha m'ma 9 koloko ndinangoona a Fayilo aima kutsogolo kwa benchi yanga.

"Mlamu, ndigawireko guluu wa nsapato."

"Nsapato yake ili kuti?"

"Si nsapato. Ndikufuna kuwadabwitsa achemwali ako. Kope lija likuchititsa manyazi banja."

Ndinawapatsa kachitini, n'kuwauza kuti guluu ameneyu alibe chisoni: akagwira wagwira, amamata soli ya munthu woyenda m'matope chaka chathunthu. Anandiyang'ana ngati ndikuphunzitsa nsomba kusambira. Makasitomala kunalibe tsiku limenelo, komanso ndinanunkhiza kale sewero laulere, choncho ndinatseka bokosi langa n'kuwatsatira.

Kunena zoona, munthuyu manja ali nawo. Anatenga katoni ya mafuta ophikira, yolimba ija, n'kuyeza ndi rula kanayi konse asanadule. Anadula zidutswa zitatu: cha kutsogolo, cha kumbuyo, ndi kachidutswa kakang'ono ka pamsana. Anaziyala patebulo, n'kusiya kampata pakati pake kuti buku lizitha kutseguka. Kenako panafunika nsalu yokutira.

"Tengani zotsalira za achemwali, zili mbwee m'dengumo," ndinatero.

"Zamaluwamaluwa? Buku la ntchito livale ngati katani?"

Analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi jekete yawo ya khaki ya kuntchito, ya mabatani a chitsulo, yomwe ankaisita mwezi uliwonse ngakhale analibe kopita nayo. Anaiyala chafufumimba, anapuma mpweya wautali, n'kudula msana wonse ndi sizasi ya achemwali, ija yoletsedwa kugwira munthu wina. Pamenepo ngakhale ine ndinasiya kuseka pang'ono.

Anapaka guluu, anakuta makatoniwo, n'kupinda makona bwinobwino ngati bedi la kuchipatala. Chikuto chinatuluka chooneka ngati chochokera ku ofesi ya bwana wamkulu. Chotsala chinali kulowetsamo kope. Mwanzeru zake, umamata chikuto chofewa chakale kumkati kwa cholimba chatsopano. Kumbuyo zinayenda bwino. Kutsogolo chikuto chofewa kunalibe. Kunali tsamba lakuda ndi litsiro, lodzaza ndi timizere ta pensulo.

"Ili ndi loyeserapo pensulo," anatero a Fayilo.

Ine ndinasuzumira. Ndikanakhala kuti ndinafika sitandade sikisi mwina ndikanawerenga dzina linali pamwambapo, koma magalasi ndinasiya m'bokosi la nsapato. Ndinati, "Zoona alamu."

Analipaka guluu mosaumira, n'kuligoneka chafufumimba pa katoni. Kenako anaika thabwa pamwamba pa buku, n'kuyang'anayang'ana chinthu cholemera m'nyumbamo. Maso awo anathera pa ine.

"Khala apa, mlamu. Thupi lakolo ligwireko ntchito kamodzi."

Ndinakhalapo ola lathunthu, ndikumwa tiyi wa shuga wochokera m'chitini cholembedwa SHUGA, ndi supuni nambala 4.

Achemwali atafika, anapeza buku lili patebulo, a Fayilo ataima pambali manja kumbuyo. Analinyamula, analitembenuza, anagogoda chikuto ndi chala. Nkhope yawo inafewa.

"Abambo, mwachita ndinu zimenezi? Koma ndiye lakongolatu."

A Fayilo anatupa ngati buledi wa m'mawa. Chimwemwe chimenecho chinatha nthawi yomwe munthu amatenga kutsegula buku. Achemwali anatsegula, n'kupeza kuti tsamba loyamba ndi la mayi wina wogulitsa mazira. Anabwerera m'mbuyo. M'mbuyo munali katoni.

"A Madamu ali kuti?"

Ine ndinayamba kuyang'ana supuni nambala 4 mwachidwi.

Tinayesa nthunzi ya ketulo. Tinayesa lezala. Tinayesa kuunika ndi tochi kuseri kwa pepala, tinangoona mithunzi ya manambala akale, koma pensulo sinaoneke ngakhale kamzere kamodzi. Pangodya pamene tinakanganula panangotuluka ubweya wa pepala. Guluu wanga sananditsitsepo ulemu, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka akanatero.

Achemwali sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinatiopsa. Anakhala pampando wa makina, n'kuyang'ana nsalu yonyezimira ija.

"Timizere tija sindinatisunge m'mutu, n'chifukwa chake ndinkatilemba. Nsalu iyi sindingaidule molota. Ikathina, a Madamu apita ndi anzawo onse. Ikakhala thumba, chimodzimodzi. Abambo, mwamata chiuno cha eni ake. Mukachitenge komwe chili. Ndipo iwe," anandiloza ndi sizasi, "unakhalapo ndiwe."

"Ine ndinangotumidwa kukhala, achemwali."

"Ndi ntchito yokhayo imene unaimalizapo chibadwire."

Lachinayi m'mawa ndinapeza a Fayilo atamata pepala loyera kutsogolo kwa buku, ndi guluu wochepa tsopano, atalemba mizere ndi rula, ndipo pamwamba pake panali zilembo zikuluzikulu: KAUNDULA WA MAKASITOMALA OLEMEKEZEKA. Pansi pake, Nambala 1, popanda dzina. Anali atavala jekete ija. Kutsogolo inali bwinobwino, mabatani akuwala. Kumbuyo kunali windo loonetsa vesiti.

"Alamu, msana uli pamtunda."

"Mesenjala saonetsa bwana msana. Iwe uziyenda pambuyo panga."

Tinayenda choncho msewu wonse: a Fayilo patsogolo buku lili kukhwapa, ine nditawamatirira kumsana ngati ngolo, achemwali kumbuyo tepi ili m'chikwama, akuyenda patali kuti anthu asaganize kuti tili limodzi.

A Madamu tinawapeza m'kaofesi kawo kuseri kwa mashelefu a sopo. A Fayilo anagogoda ngakhale chitseko chinali chotsegula, anagunditsa zidendene, n'kuika buku patebulo ndi manja awiri.

"Madamu, tatsegula kaundula watsopano. Nambala wani sitinalembepo munthu. Tati tiyambe tamva kwa inu tisanapite kwa mayi a ku famase."

Mayi a ku famase, ogulitsa mankhwala amenenso amasoketsa kwa achemwali, sankadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli kaundula. Koma a Madamu atangomva dzinalo anawongoka.

"A ku famase akhale wani pa chifukwa chiti? Anayamba liti kusoketsa? Lembani ine. Muyeso wanga muli nawo kale."

Achemwali anandiponda phazi. A Fayilo sanaphethire.

"Pepani Madamu, m'buku la chikuto cholimba simulowa zokopera. Mumalowa zoyezedwa tsiku lomwelo, mwini wake n'kusayina. Zokopera timalemba m'makope wamba, pamodzi ndi ena onse."

A Madamu anayang'ana bukulo. Analisisita khaki wake, anagogoda pangodya, anawerenga zilembo zija kawiri. Kenako, ndikulumbira pa nyundo yanga, anakweza dzanja n'kukonza kolala ya bulauzi yawo.

"Mayi telala, mwabwera ndi tepi?"

Analowa m'chipinda chosungira katundu. Ife tinatsala tikumva achemwali akuti, "Pumani bwinobwino Madamu, musakoke mimba," ndi a Madamu akuti, "Sindikukoka, ndi mmene ndilili." Atatuluka, achemwali ananong'oneza manambala m'khutu la amuna awo, iwo n'kulemba mosasintha nkhope, ngati munthu amene wanyamulapo makalata ochotsa anthu ntchito. Ine ndinaona pachiuno: 41.

"Ndi angati?" anafunsa a Madamu, mawu atatsika.

A Fayilo anaphimba manambalawo ndi envelopu, n'kusiya pa mzere wosayina pokha.

"Za m'kaundula n'zachinsinsi, Madamu. Ngakhale mwini wake saona."

Sindinaonepo munthu akusayina mosangalala chotero. Anasayina siginecha yaitali yokhala ndi mchira. A Fayilo anatseka buku, analipana kukhwapa, n'kutuluka chambuyo, akuwerama, kudutsa mashelefu onse a sopo mpaka pakhomo, ine ndikuchotsa mabaketi m'njira. Ndinamva a Madamu akuuza wantchito wawo kuti, "Waona ulemu umenewo? Inu mumangondionetsa misana."

Diresi inadulidwa masana omwewo, ndipo Loweruka inawakhala ngati anabadwa nayo. Sabata yotsatira anzawo anayamba kubwera okha kudzafunsa chifukwa chimene iwo sanalowe m'kaundula. Mayi a ku famase anakwiya kuti ndi Nambala 6. Onse anayezedwa mwatsopano, onse anasayina manambala ataphimbidwa ndi envelopu, ndipo achemwali pensulo ija anaipatsa ine kuti ndizilembera masoli.

A Fayilo tsopano ali ndi kampando m'chipinda chosokera, pafupi ndi chitseko. Buku amasunga ndi iwo, amatsegula ndi iwo, amalipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Lamulo la achemwali ndi limodzi: guluu asadzalowenso m'nyumbamo. A Fayilo anabwera kwa ine mwezi watha, akuti buku la nyimbo la akazi awo likuoneka lofooka. Ndinawauza kuti guluu anatha, kachitini ndili nditakhalira.

Jekete anakana kuti aikidwe chigamba. Imapachikidwa kuseri kwa chitseko, mabatani kuyang'ana kunja.

A Madamu akabwera amanenabe kuti, "Ine sindisintha, 32 yomwe ija." Achemwali amangoluma ulusi. Koma a Fayilo amavomera ndi mtima wonse, chifukwa sanama. Amagogoda chikuto cha kutsogolo ndi chala, pamene tsamba lija linagona chafufumimba pansi pa guluu wanga ndi thupi langa.

"Ili momwemu, Madamu," amatero. "Palibe angaisunthe."