Nkhope ya a Selemani

Fungo la makala onyowa likandipeza, ngakhale lero mutu uli mbuu ndi imvi, ndimaona agogo anga aamuna, a Yotamu, atakhala pamwala kuseri kwa nyumba yathu ku Chigumula, akusongola kakhala ndi mpeni, zala zili bii, kwinaku sitima, yomwe inali itangoyamba kumene kufika ku Limbe, ikulira patali ngati ng'ombe yosokera.

Agogo anali amtengatenga. Ankasenza mitolo ya nsalu kuchokera kusitolo ya Mmwenye wina ku Limbe mpaka kumidzi ya kutsidya kwa Shire, ulendo wapansi wa masabata awiri kapena atatu. Anzawo akatula katundu dzuwa litapendeka ankathamangira madzi ndi fodya, koma iwo ankatulutsa kabuku ka mapepala okulungira nsalu, kosokedwa ndi luzi, n'kujambula chinthu chimodzi chimene aona tsikulo, kaya doko, kaya phiri, kaya mlatho wa mitengo. Lusoli analitola kusukulu ya mishoni, komwe anatulukako osatha kulemba bwino ngakhale dzina lawo. Mvula igwe, mapazi atupe, sankadumphitsa tsiku.

"Anzanu amabwera ndi nkhuku, inu mumabwera ndi mapiri," ankadandaula agogo aakazi.

"Ndikapanda kujambula, mawa ndiiwala kumene ndagona," ankayankha akuseka.

Chimodzi chokha sankajambula: nkhope ya munthu. Masiku amenewo anthu ankati wokujambula wakutenga mthunzi, ndipo sukhalitsa.

Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu pamene ulendo wina unabwerera wopanda a Selemani, mtengatenga mnzawo, mwana mmodzi yekhayo wa Abiti Mdala, amayi achisilamu oyandikana nafe nyumba. Malungo anawatengera panjira. Misozi isanaume n'komwe, wina mwa amtengatenga anatulutsa mawu akuti a Yotamu anawajambula nkhope, m'mawa mwake munthu n'kutsirizika.

Masiku atatu palibe anatipatsa moni. Kuchitsime azimayi ankangoti zii ndikafika, ndipo ndinamva wina akunong'ona za mwavi, chakumwa chaululu choyesera afiti chija, chomwe boma linaletsa koma anthu ankamwetsanabe kutchire. Mantha anandigwira. Mwa nzeru zanga zachibwana ndinaba kabuku kaja n'kukakakwirira m'nkhokwe pansi pa chimanga, poganiza kuti umboni ukasowa mlandu utha.

M'mawa wa tsiku lachinayi anabwera: Abiti Mdala patsogolo, alongo awo awiri kumbuyo, ndi khamu la anthu lomwe linadzaza bwalo lathu mpaka m'munda wa nandolo.

"Che Yotamu, tulutsani bukulo," anatero alongo awo aakulu.

Agogo analowa m'nyumba, anafufuza, anatuluka chimanjamanja.

"Wabisa! Mwaona? Mfiti imeneyi!" anthu anayamba kukuwa.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndawaonjezera mlandu. Agogo anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Esinati, katenge kumene waika."

Ndinakatenga, anankafumbwe ali m'tsitsi monse. Agogo anakhala pansi patsogolo pa Abiti, ine chiimire kumbuyo kwawo, n'kuyamba kutsegula tsamba ndi tsamba.

"Apa m'pamene tinaoloka. Paphiri ili mutu unayamba kumupweteka Selemani, ndinamusenzera mtolo wake."

Kenako inatulukira nkhope, masaya atalowa, milomo itauma, chipsera chomwe tonse tinkachidziwa chili pachipumi. Abiti anakuwa mokweza.

"Anandipempha yekha, amayi," anatero agogo. "Anati, 'Achimwene, kwathu sindikafika. Mundijambule, amayi akandione.' Ndinakana kawiri."

Ndinkadikira kuti atchule mwavi. Koma Abiti anapukuta misozi n'kufunsa zina.

"Munamusambitsa mwana wanga? Munamuyang'anitsa kuti? Kapena munangomutaya kutchire?"

Agogo anatembenuza tsamba. Panali manda pansi pa mlambe wothyoka nthambi, dzuwa likutuluka pambali.

"Ndinafunsa Msilamu wa m'mudzi wapafupi. Tinamusambitsa, tinang'amba nsalu yoyera pamtolo, tinamugonekera kudzanja lamanja, nkhope kumpoto. Mutu uli uku, kotulukira dzuwa."

Alongo aakulu aja anatenga bukulo, analiyang'ana nthawi yaitali, akulizunguza uku ndi uku.

"Amugoneka bwino," anatero pomaliza.

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena akunamizira kukaona mbuzi. Abiti anang'amba masamba awiri. La manda analipinda n'kulimanga pamfundo ya nsalu yawo. La nkhope analigwira pachifuwa kanthawi, kenako analowa nalo kukhitchini kwathu.

"Chipembedzo chathu sichilola kusunga izi," anatero, n'kuliponya pamoto.

Agogo sanawaletse. Sabata yotsatira anatsogolera banjalo kukaona mandawo, ndipo paulendo umenewonso sanadumphitse tsiku.

Patapita zaka, Abiti, maso awo atachita khungu, ankandiitana ndikamadutsa ndi mtsuko pamutu.

"Esinati, iwe unali pafupi, unaiona bwino. Ine misozi inanditchinga. Kodi ankamwetulira?"

Sankamwetulira. Inali nkhope ya munthu wotopa, wamantha. Koma ndinkayankha kuti, "Eya anganga, ankamwetulira," ndipo ndinayankha chomwecho mpaka tsiku limene anatisiya.

Onse amene anaona tsamba lija anapita, ndatsala ndekha. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti masiku ano ndikaikumbukira nkhopeyo, ikumwetuliradi, ndipo imene agogo anajambula ija ndikaifunafuna sindikuipezanso.