Sitandade 4 ya NyaLungu

Sabata ino ndachita chinthu chochititsa manyazi, ndipo musanachimve kwa ena, bola muchimve kwa ine mwini wake.

Mukudziwa kuti aphunzitsi ambiri atitenga kuti tithandize pa kalembera wa anthu. Ine anandipatsa midzi ya kuseri kwa Champhira, moti masiku ano ndikungopalasa njinga khomo ndi khomo, chikwama cha mapepala pakaliyala. Mafunso ambiri savuta. Koma lilipo limodzi limene limasintha nkhope za anthu: "Sukulu munalekezera pati?"

Lachitatu ndinafika pakhomo pa a Hara, mkulu wansangala amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni. Ndisanaimike bwino njinga, mpando unali utatuluka kale. Posakhalitsa mpongozi wawo anabwera ndi chikho cha chindongwa, thobwa la kunoli, nandipatsa atagwada, maso ali pansi, kenako n'kukakhala patali.

Ndinamudziwa. Anali Esitere Lungu, mwana amene ndinamuphunzitsa Sitandade 8. Masamu ankawamwa ngati madzi. Anasankhidwa kupita ku sekondale, anakhoza JC, fizi itavuta anabwerera kumudzi, ndipo ng'ombe za malowolo sizinachedwe. Lero ndi NyaLungu, mkazi wa Keniyasi, mwana wa a Hara wocheka matabwa ku Chikangawa.

Ndinkadziwanso china. Namwino wa pachipatala chaching'ono cha kuderali anali atandiuza kuti akufuna mayi wa JC woti amutumize kukaphunzira zothandiza azamba. Mtima wake unali pa Esitere, koma panalibe wolimba mtima kukayambitsa nkhaniyo kwa apongozi ake. "Inu aphunzitsi amakumverani," anatero namwinoyo. "Mukafika pakhomopo, ingotchulani za satifiketi yake."

Abale anga a kwathu ku Dedza mwina simudziwa: kuno mkamwana, ndiye kuti mpongozi wamkazi, sayankhula pamaso pa apongozi ake aamuna. Funso likhoza kukhala lake, koma woyankha ndi wina.

Tinayamba. A Hara anatchula anthu awo mmodzimmodzi, uku akuseka. Titafika pa Keniyasi anati, "Mwana wane ni Sitandade 5. Ng'ombe zinamuitana, sukulu inadikira mpaka lero."

"Nanga NyaLungu?"

Apo Esitere anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Kamodzi kokha.

"Uyo mbwenu lembani 4," anatero a Hara.

"Sitandade 4, adada?"

"Enya, asambizgi," anayankha. Ndi mmene amatchulira aphunzitsi kuno. "Mwamuna 5, mkazi 4. Mukufuna Boma liwerenge kuti pakhomo pano mkazi ndiye ali kutsogolo? Ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Imwani chindongwa, chikuzizira chomene."

Ndipo ine, mphunzitsi wake, munthu amene ndinamuombera m'manja tsiku lomwe zotsatira zake zinatuluka, ndinaseka nawo. Ndinanyambita pensulo n'kulemba 4. Ndinamwa chindongwa chija mpaka pansi.

Musandifunse chifukwa. Ndinadziuza kuti ndine wobwera, za pamudzi wa eni sindilowerera. Ndinadziuza kuti mkuluyo wandilandira bwino, ndisamuchititse manyazi pabwalo pake. Koma zonsezo ndi zodzikhululukira chabe. Ndinachita mantha, basi.

Nditatuluka m'mudzimo ndinaima pansi pa mtengo wa msuku, ndinafufuta 4 uja n'kulemba zoona: Fomu 2, JC. Ndinakwera njinga ndikudzimva ngati munthu wachilungamo.

Pamtsinje ndinamupeza akutunga madzi. Apa panalibe apongozi, ndiye anayankhula.

"Asambizgi, mwalemba vichi?"

"Usadandaule, Esitere. Ndakonza. Boma lidziwa kuti uli ndi JC."

Anatsuka ndowa yake pang'onopang'ono. "Boma lidziwa," anatero. "Kasi Boma ndilo lindilole kupita kuchipatala? Ine ndimafuna adada amve kuchokera kwa imwe. Tsopano azinena kuti na asambizgi wake wuwo anavomera."

Anasenza ndowa. "Yewo, muyende makora."

Ndinakankha njinga yanga n'kumapita.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwaona mapepala angawa ndi maso ena. Amuna ambiri amadzikweza: wolekezera Sitandade 3 amakuuzani 6 osaphethira n'komwe, ndipo akazi awo amayang'ana kumbali kuti asaseke. Izo timazidziwa, timacheza nazo m'chipinda cha aphunzitsi. Koma ndi angati amene tawatsitsa? Ndi makomo angati kumene sukulu ya mkazi amaidula ngati mpanda kuti isapitirire ya mwamuna?

Ndipo tisaloze chala a Hara okha. Iwo sanachite mwankhanza; amateteza ulemu wa mwana wawo monga anaphunzitsidwira. Nanga ife a pa boma pano, ovala mataye? Wakalembera akagogoda, ndani amathamangira pakhonde kukayankha za banja lonse? Mayi ali pomwepo, pakamwa ali napo, koma timawayankhira ngati mwana wodwala kuchipatala. Ena a ife sitidziwa n'komwe kuti akazi athu analekezera pati. Sitinafunsepo.

Mapepala amenewa akapita kwa akuluakulu, iwo adzawerenga n'kunena kuti kudera lakuti amayi ophunzira kulibe. Adzakhala akunama? Ayi. Adzangobwereza zimene tinawauza ife.

Sindikunyoza mwambo. Ulemu wa mkamwana ndi wokoma, ndipo ndaona mabanja ambiri akuimirira chifukwa cha iwo. Koma mwambo umene umatseka pakamwa pa mmodzi umayembekezera kuti pakhale wina womuyankhulira zoona. Tsiku lija wina ameneyo ndinali ine. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ine kanga ndinakabisa m'thumba, n'kukakatulutsira pansi pa msuku, pomwe panalibe woti n'kumumeta.

Namwino uja ndakumana naye dzulo kumsika. Wandifunsa ngati ndinayankhula ndi a Hara. Ndayankha kuti ntchito inachuluka. Akuti mayina akufunika mwezi uno usanathe.

Njinga yanga ili bwinobwino, ndipo njira ya kwa a Hara ndikuidziwa. Chovuta n'chakuti ndikakafika, ndiyenera kuyamba ndi kuuza mkulu amene anandipatsa mpando kuti ndinaseka naye n'kuvomereza bodza. Kufufuta 4 papepala kunali kosavuta. Nanga 4 amene ndinamusiya pabwalo paja, pamaso pa banja lonse, adzamufufuta ndani?