Mbuzi Imene Tinawoloka Nayo Luangwa

Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri. Lachitatu m'mawa tinamanga ng'ombe pagoli.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Mudzi wathu unali m'mapiri a ku Mozambique, kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa. Atate anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri pafamu ya munthu wina ku Zambia. Anabwerako ndi zoyambira munda wathuwathu: pulawo, tcheni, sipanala imodzi, ng'ombe ziwiri zolimira ndi mbuzi yaikazi yabere. Mbuziyo inaswa mwezi umodzi mvula isanagwe.

Atate ankafuna kuti tizimwa mkaka wake monga anaonera kufamu. Kwathu mkaka wa mbuzi sunkamwedwa. Anthu ankawaseka akamakama, ndipo amayi anakaniza ziwiya zawo.

Tsikulo atate anagwira pulawo, ine ndikutsogolera ng'ombe. Amayi ankaponya chimanga mumzere atabereka Malita, mng'ono wanga wa miyezi isanu. Nati wina womangira zitsulo za pulawo anakhwepa. Atate anamumangitsa, n'kundipatsa sipanala kuti ndisunge. Ndinaimanga pamfundo ya chitenje.

Tinalima mizere khumi ndi inayi. Tili pakati pa wotsatira, mfuti zinalira cha kusitolo ya m'mudzi mwathu. Za nkhondo tinkamva kwa zaka, koma inali ya midzi ina.

Mbuzi inali yomangidwa pamsuku m'mphepete mwa munda. Atate anamasula chingwe, n'kundinyamulitsa kamwana kake. Tinathamangira kukhwawa. Kumeneko atate anaima.

"Ng'ombe ndazisiya pagoli," anatero. "Sizingadye, sizingamwe. Tsogolani, ndikupezani."

Anabwerera akuyenda, osathamanga. Malaya awo anali ndi chigamba chobiriwira paphewa.

Paphiri tinakumana anthu khumi ndi asanu ndi anayi. Tinadikira atate mpaka tsiku lotsatira dzuwa litafika pamutu. Utsi wa kumudzi unali usanaleke. A Zuze, mlenje wodziwa njira zam'tchire, anati tinyamuke. Amayi ndiwo anatsirizira kudzuka.

Tinkayenda m'makhwawa. Moto sitinkasonkha. Tinkadya masuku ndi chinangwa chachiwisi cha m'minda yosiyidwa.

Tsiku lachitatu mkaka wa amayi unauma. Malita ankayamwa, n'kulavula bere, n'kuyamwanso. Kulira kwake kunachepa mpaka kukhala ngati kwa kamphaka. Liwombo linalowa m'kati. Amayi anayang'ana mbuzi nthawi yaitali. Kenako anabwereka chivundikiro cha poto kwa mayi wina, n'kundipatsa. Iwo sankadziwa kukama. Ine ndinali nditaonera atate.

Ndinakama mkaka wofika theka la chivundikiro. Tinapinda tsamba la msuku, n'kumadonthezera mkamwa mwa mwana. Dontho loyamba analavula. Lachiwiri anameza. Amayi anamufukata akuyang'ana kumbali.

Koma mbuzi inkalira. Tsiku lachinayi tinayandikira msewu wodutsa asilikali, ndipo inalira katatu motsatizana. A Zuze anatulutsa mpeni. Sanali munthu wankhanza. Pagulupo panali ana awo asanu.

"Imeneyi itiphetsa tonse," anatero.

"Mukaipha, mukumbiretu dzenje la mwanayu," amayi anayankha. Sanakweze mawu.

A Zuze anayang'ana Malita. "Ikalira kamodzi pamsewu, ndidula."

M'mawa umenewo manja anali atandilema, ndiye kamwana ka mbuzi ndinali nditakabereka m'chitenje, kobisika konse. Ndinakumbukira zimene atate ankanena pokama, kuti mbuzi yoyamwitsa imalira ikapanda kuona mwana wake. Ndinakatsitsa n'kukanyamula pachifuwa, mutu wake utatulukira kukhwapa kwanga. Ndinakapatsa chala kuti kaziyamwa. Chingwe cha make ndinamasula. Inanditsatira mphuno ili pachigongono changa.

Tinagona chafufumimba mu udzu, msewu uli pafupi moti mwala ukanafika. A Zuze anagona pambali panga, mpeni uli m'manja. Ndinakankhira kamwana kumimba kwa make, ndipo kanayamba kuyamwa. Panadutsa malole awiri. Yachiwiri inali ndi tenti yong'ambika, ndipo msilikali wina kumbuyo ankadya nzimbe. Mbuzi inkabzikula. Ndinkaona nsagwada zake zikuyenda pang'onopang'ono.

Fumbi litatsika tinadumpha msewu mmodzimmodzi. Womalizira anasesa mapazi ndi nthambi. Popumula masana, a Zuze anathyola masamba ndi mpeni womwe uja, n'kuikira mbuzi pansi.

Tinafika pa Luangwa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Mwini bwato anali wa tsidya la Zambia, ndipo ankatenga anthu anayi ulendo umodzi. Anati mbuzi imagubuduza bwato, ndipo pamenepo pali ng'ona. Kenako anati aiwolotsa tikamupatsa kamwanako. Popanda kamwanako mbuzi ikanatha kuleka kutulutsa mkaka. Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kumuonetsa sipanala. Anaitembenuza, anaiyesa kulemera m'dzanja, anaiika m'thumba. Chida cha atate chimene tinali nacho chinali chokhacho.

Mbuzi tinaimanga miyendo n'kuigoneka pansi m'bwato. Pakati pa mtsinje inalira mokweza. Palibe anailetsa.

Tsidya lino a Zuze ndi ena anatsalira m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje. Ife lole ya ogula nsomba inatinyamula mpaka pamlatho wa Luangwa, n'kulowa mumsewu waukulu wopita ku Lusaka. Tinatsikira ku Chinyunyu, kumene amalume, alongo awo a amayi, anakwatira mkazi wa Chisoli. Akazi awo anatipeza panjira akuchokera kukachapa ku kasupe wa madzi otentha.

"Alamu, mwathawa nkhondo ndi mbuzi?" anafunsa akuseka. Kenako anatiwerenga ndi maso, n'kusiya kuseka. Anatula beseni, analandira mwana.

Amalume anatidulira gawo la munda wawo. Chaka choyamba tinalima ndi makasu obwereka. Tinamanga khola lam'mwamba la mitengo isanu ndi umodzi chifukwa cha afisi. Mbuzi ija inaswanso kanayi isanakalambe, kawiri konse mapasa. Chaka chachisanu ndi chimodzi tinasinthitsa mbuzi khumi ndi ng'ombe yaing'ono. Inzake inabwera patapita zaka ziwiri, pulawo pambuyo pake, ngolo pomalizira. Amayi anamwalira ataziona zonsezi. Mpaka imfa yawo mkaka wa mbuzi sanaulawe, koma chingwe cha khola ankamanga okha.

Lero famu yathu akuyendetsa ndi Malita. Ali ndi ana atatu, ndipo amakama m'mawa uliwonse. Mbuzi zili makumi awiri ndi zitatu, zonse za mtundu wa ija. Pamundapo pali lamulo limodzi: wolima samwa madzi asanamasule ng'ombe pagoli.

Atate sanabwere. Palibe amene anawaona, amoyo kapena akufa. Patapita zaka ziwiri tili ku Chinyunyu, kunafika mayi wina wa kwathu amene anabisala pafupi ndi mudzi sabata yonse ija. Amayi anamufunsa za atate, ndipo anapukusa mutu. Ine ndinamufunsa za ng'ombe. Anati anaziona kukhwawa Lachisanu lake. Zinkadya udzu, iliyonse payokha. Goli panalibe.